Kalata yotseguka kwa adindo a boma la Lilongwe: tifikireni mitsinje isanadzaze

Kwa Bwanamkubwa wa boma la Lilongwe,
Wapampando wa Khonsolo ndi makhansala,
Olemekezeka aphungu a madera ozungulira Dzalanyama,
Akuluakulu a zaulimi, zaumoyo, zankhalango, zamadzi, zamaphunziro ndi zamisewu,
Akuluakulu a Lilongwe Water Board,
kudzera kwa a Gogo Chalo athu.

Mabwana ndi madona, tawomba m'manja. Landirani moni wochokera kwa ife anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama, mbali ya kwa Masula, kwa Masumbankhunda ndi kwa Chiseka. Tikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi mabanja anu. Tailemba poyera chifukwa nkhani zili m'munsizi zakhala zikunenedwa m'misonkhano ya makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC chaka ndi chaka, komanso tikufuna kuti abale athu a mu mzinda, amene amamwa madzi otsika m'mapiri ano, azimveko nawonso.

Dandaulo lathu lalikulu ndi la nthawi. Sitikunena kuti boma silitikumbukira. Fetereza amabwera, mbande za mitengo zimabwera, giredala imabwera, chimanga cha thandizo chimabwera. Koma zambiri zimafika nyengo yake itadutsa. Kwa munthu wokhala pafupi ndi msewu wa tala, kuchedwa kwa masabata awiri n'kuchedwa chabe. Kwa ife, kuyambira pakati pa Disembala mpaka kumapeto kwa Malichi mitsinje ndi matope zimatitsekera kuno, ndipo chimene sichinafike mu Novembala nthawi zambiri chimadikira Epulo. Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 Epulo, ndiye kuti miyezi yonse youma, Meyi mpaka Okutobala, ili m'manja mwanu. Tiloleni tikufotokozereni mmene chaka chimayendera pakhomo la kuphiri, kuti muone pamene pakulakwika.

Tiyambe ndi dzinja, poti ndilo limatipweteka koposa. Mtsinje wa kuphiri sufanana ndi wa kudambo. Mvula itha kugwa pamwamba pa phiri kumudzi kuli dzuwa, ndipo pasanathe ola madzi amatsika ofiira, atanyamula zipika ndi miyala. Mwana amene anawoloka m'mawa madzi ali mu akakolo, pobwerera masana amapeza afika m'chifuwa. Pakapita maola angapo amaphwa, koma amasiya powolokera patakumbika. Milatho ya mitengo ya bulugamu imene anthu amayala okha sikhalitsa: chiswe ndi chinyezi zimadya mitanda, ndipo chipika chimodzi chikapingasa pansi pake, madzi amatukula mlatho wonse.

Pamene munaika makalavati tikuthokoza, koma ambiri ndi aang'ono, a mamilimita 600. Kalavati yotere kuphiri imatsekeka ndi mchenga ndi zinyalala mvula ikangogwa kawiri katatu, ndipo munthu sangalowemo kuti afukule. Ikatsekeka, madzi amadumpha pamwamba pa msewu n'kuyamba kudya dothi kumunsi kwake, kumene kawirikawiri sikumangidwa khoma kapena kuyalidwa miyala yolandira madziwo. Pofika Febuluwale mapaipi a simenti ali pamtunda, msewu waduka. Pa timitsinje totakata koma tosazama chimene chimagwira ntchito ndi dirifiti, simenti yoyalidwa pansi pa mtsinje kuti madzi ndi zipika zizidutsa pamwamba, yokhala ndi mizati yoonetsa m'mphepete ndi kuya kwa madzi. Dirifiti sitsekeka, ndipo madzi akangophwa ngolo ndi ambulansi zimawoloka. Pamene kalavati ikufunikadi, ikhale ya mamilimita 900 kapena kuposa, yokhala ndi makoma mbali zonse ziwiri.

Msewu wokwera chitunda umafuna msana pakati kuti madzi azitsikira m'mbali, ngalande m'mbalimo, ndi tingalande topatutsira madzi kutchire pafupipafupi, makamaka potsetsereka kwambiri. Giredala ikangopala pamwamba n'kukankhira dothi m'ngalande, msewuwo ndiwo umasanduka ngalande. Ikabwera mu Okutobala kapena Novembala, dothi limakhala fumbi lokhalokha, siligwirana, ndipo mvula yoyamba imalikokolola lonse. Nthawi yake ndi Epulo ndi Meyi nthaka ikadali ndi chinyezi, kenako n'kutsira miyala ing'onoing'ono m'malo oterera n'kutsendera.

Msewu ukaduka, woyamba kuona mavuto ndi mayi woyembekezera. Mu 2007 azamba a m'midzi analetsedwa kubereketsa, ndipo mafumu ambiri anaika chindapusa kwa banja limene mayi wachilira kunyumba kapena panjira. Cholinga chake n'chabwino, sitikutsutsa. Koma lamulolo limafuna kuti mwezi ukakwana mayi akadikirire kuchipatala, atanyamula ufa, ndiwo, nkhuni, nsalu, beseni, ndi munthu womudikirira. Mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zili mbee, banja silingagawe ufa wochepawo pawiri, ndiye mayi amazengereza. Matenda akayamba usiku, wa kabaza wa njinga yamoto amakana kukwera matope ofiira, ngolo imatitimira, pamatsala machila ndi anyamata anayi mpaka pamtsinje, pomwe amakhala pansi kudikira kuti madzi aphwe. Mayi amene akutaya magazi sangapirire maola amenewo. Akapulumuka n'kuchilira patsidya, banja lomwelo amaliuza kuti lilipe mbuzi.

Ana nawo dzinja ndi nyengo ya malungo ndi kutsegula m'mimba. Mwana wotentha thupi ayenera kuyezedwa ndi kulandira mankhwala pasanathe maola 24. Boma linachita bwino kukhazikitsa timakiliniki ta m'midzi, kumene mlangizi wa zaumoyo amathandiza ana osakwana zaka 5 pa malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba. Zimene zimafooketsa ntchitoyi ndi ziwiri. Alangizi ambiri alibe nyumba m'midzi imene amagwirako ntchito, amachita lendi pamsika kutsidya kwa mtsinje womwe uja. Ndipo bokosi la mankhwala limadzazidwa mwezi ndi mwezi kuchokera kuchipatala, choncho limauma m'mwezi umene likufunika kwambiri. Nambala ya Chipatala Cha Pa Foni timaidziwa, koma m'makwawa ambiri netiweki imapezeka pokhapokha munthu atakwera chitunda, ndipo usiku wa mvula palibe angakwere ndi mwana wokomoka kumsana.

Tibwere kumunda. Pologalamu ya zipangizo zaulimi zotsika mtengo, kaya mukuitcha FISP kaya AIP, yakhala nafe kuyambira 2005, koma kuchedwa sikunathe. Alangizi amaphunzitsa, ndipo n'zoona, kuti chimanga chidzalidwe ndi mvula yoyamba yokwanira, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, njere imodzi pa phando. Fetereza wokulitsa wa NPK athiridwe podzala kapena chitangomera, wobereketsa wa Urea pakatha masiku 21 mpaka 28. NPK wofika mu Januwale, chimanga chili m'mawondo ndi chachikasu, ntchito yake yaikulu yomanga mizu yamudutsa kale. Pamalo otsetsereka pali chinanso chimene sichioneka m'malipoti. Chimanga chodzalidwa msanga ndi chodya bwino chimakhala chitafunga masamba pofika mvula yamphamvu ya Januwale, ndipo masambawo amateteza nthaka. Chofooka chimasiya mizere pambalambanda, madontho amamenya dothi, mizere imaphulika, ndipo fetereza wochedwa uja amatsika ndi madzi. Munda ukaguga chotero kaufiti amalowa, ndipo kumuchotsa n'kwa zaka.

Thumba la fetereza ndi la makilogalamu 50, ndipo pogulira pake pali kumsewu waukulu. Munthu amanyamuka m'bandakucha, akafika amapeza netiweki yowerengera chiphaso cha unzika palibe, kapena kwabwera Urea yekha NPK kulibe, ndiye amagona pakhonde. Masiku amenewo ndi a kupalira koyamba, ndipo udzu sudikira munthu. Akapeza thumba, wa kabaza amakweza mtengo chifukwa cha matope, phindu lonse la kutsika mtengo n'kuthera panjira. Nkhalamba ndi amayi amasiye amene sangathe ulendowu ndi amene amagwa m'manja mwa mavenda ogula mwayi wawo ndi ndalama yochepa.

Miyezi yomweyi ndi ya njala, ndipo chimanga cha thandizo chimatsitsidwa pamene lole yalekezera. Zimene zimasunga mabanja ndi ganyu, nkhwani, chisoso, therere, ngumbi ndi bowa wa m'nkhalango. Dziwani kuti bowa wambiri wa m'nkhalango amamera pansi pa mitengo yachilengedwe monga mombo, tsamba ndi msuku, modalira mizu yake. M'munda wa bulugamu simungamupeze. Chimanga chikayamba kukhwima anyani amatsika masana, nguluwe ndi nungu usiku, kotero pakhomo pamafunika munthu wogona kuchilindo. Kulondera kwa masana kumagwera ana, amene mtsinje wawatsekereza kale kusukulu, poti teremu yachiwiri yonse imagwa m'dzinja. Kholo silingalole mwana wa zaka 6 kuwoloka mitsinje iwiri, ndiye ambiri amayamba Sitandade 1 ali ndi zaka 9 kapena 10. Mtsikana woyamba mochedwa chotere amatha msinkhu akadali m'makalasi a m'munsi, ndipo nthawi zambiri amalekera pomwepo.

Masika akafika, galimoto yoyamba kukwera kuno imakhala ya venda, ali ndi sikelo yake. Unduna wa zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu chaka chilichonse, koma mtengo wolengezedwa pa wailesi ulibe mphamvu kumene wogula ali mmodzi. Iye amati msewu wamuonongera galimoto, ndiye achotsere pa kilogalamu iliyonse. Ena amagulira chidebe cha pulasitiki chimene anachifutukula pamoto kuti chizilowa zambiri. Mlimi ali ndi ngongole za m'dzinja, amagulitsa soya, mtedza, ngakhalenso chimanga chimene adzachigulenso modula mu Januwale. Masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi kudindidwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo ntchito imeneyi ikufunika kwambiri m'misika ya kumidzi kumene mlimi alibe sikelo ina yofanizira.

Chotsala m'nyumba chimakumana ndi anankafumbwe. Kuphiri mame ndi nkhungu zimachedwetsa kuuma, ndipo chimanga choikidwa m'thumba chisanaume chimachita chuku. Njira yoyesera ilipo yosalira ndalama: botolo louma lagalasi, mchere wouma, ndi chimanga chodzaza dzanja. Mukakhutchumula n'kuona mchere ukumatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba a PICS amasunga bwino popanda mankhwala, bola chimanga chikhale chouma ndi chopetedwa, mapepala awiri a m'kati amangidwe lililonse palokha mpweya utafinyidwa, ndipo thumba likhale pathandala, kutali ndi khoma, kuti makoswe asaboole. Kabowo kamodzi n'kokwanira kuti tizilombo tipume n'kuswana. Matumba amenewa kuno sapezeka. Chopezeka pamsika ndi ufa wa m'timapepala umene ogulitsa amati ndi Actellic, wopanda chizindikiro kapena tsiku lothera mphamvu, ndipo banja limazindikira kuti linanamizidwa mu Seputembala, thumba litayamba kutuluka fumbi.

Juni ndi Julayi kuno kumazizira kuposa mu tauni, makamaka mwera ukamawomba. Nkhuni zimatha zambiri, ana amadwala chibayo, ena amapsa pogona pafupi ndi moto. Ndi nyengo yomweta udzu wofolera moto usanaudye, youmba njerwa, yotsegula madimba. Izi timachita tokha. Koma ntchito ziwiri za nyengoyi zimafuna mlangizi, ndipo zikaphonyeka chaka chonse chimapunduka.

Yoyamba ndi akalozera. Munda wotsetsereka sufuna mizere yoyesa ndi maso. Pamafunika chida cha mitengo itatu chooneka ngati A chokhala ndi chingwe ndi mwala, kapena chingwe cha levulo. Mumakhoma zikhomo modula chitunda, mumaunda mzere waukulu motsata zikhomozo, kenako mizere ina yonse imatsata kalozerayo. Potsetsereka kwambiri akalozera amayandikana. Mvula ikakhazikika pa kalozera pamadzalidwa vetiva, timaphata totalikirana masentimita 10 mpaka 15, ndipo m'makwawa a mizere mumaikidwa ngonyeka kuti madzi aziima n'kulowa pansi. Kalozera wopendekeka ndi woipa kuposa kusakhalapo, chifukwa amasonkhanitsa madzi malo amodzi mpaka aphulike, ndipo chigwembe choyambira pamenepo chimadula minda ya onse ali kumunsi. N'chifukwa chake ntchitoyi iyenera kuyambira pamwamba pa chitunda kutsika, mudzi wonse pamodzi, mlangizi ali pomwepo. Mlangizi wopanda njinga yamoto kapena mafuta safika kumtunda, amathera m'midzi ya kumunsi kumene vutoli n'lochepa. Nayo mbewu ya vetiva yobwera pa lole kuchokera kutali imafika itafota. Nazale yake iyenera kukhala m'dambo la mudzi womwewo.

Yachiwiri ndi katemera wa chitopa. Nkhuku ndiyo imalipira kabaza wa kuchipatala, makope a mwana ndi chigayo. Chitopa chimasesa kwambiri m'miyezi yotentha, kotero ngakhale katemera wa I-2 amayenera kubwerezedwa miyezi 4 iliyonse, wa mu Julayi ndiye wofunika koposa. Ndi dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe. Katemerayu amapirira kutentha kuposa ena, komabe amafuna kunyamulidwa atakulungidwa m'kansalu konyowa, m'dengu, osaona dzuwa, ndipo botolo likatsegulidwa lithe m'masiku awiri kapena atatu. Akafika mu Seputembala nkhuku zitayamba kale kuwodzera, sathandiza, ndipo anthu amayamba kunena kuti katemera ndiye wapha nkhuku. Chaka chotsatira amakana kutemeretsa.

Ogasiti mpaka Novembala ndi nkhani ya madzi ndi moto. N'zowawa kunena kuti m'midzi yoyandikana ndi magwero a mitsinje ya Lilongwe, Likuni ndi Diamphwe, amayi amadzuka tambala woyamba kukadikira madzi pa chitsime chofukula mumchenga, chimene mbuzi ndi ng'ombe zimamwaponso. Muyezo wa boma ndi mjigo umodzi pa anthu 250, pa mtunda wosaposa mamita 500. Koma galimoto yokumba mijigo ndi yolemera, imathera pamene msewu wathera, ndiye mijigo imaunjikana kumunsi. Ina imakumbidwa m'dzinja kapena m'masika madzi a pansi ali pafupi: tsiku loupereka umatulutsa bwino, pofika Okutobala ukungotulutsa mpweya. Imene ili ndi madzi imafa ndi tinthu totsika mtengo. Pa pampu ya Afridev zimene zimatha msanga ndi labala ya U-seal, bobini, mabushi a pa chogwirira, ndi timalabala toongola marodi. Komiti yophunzitsidwa itha kusintha izi yokha ikakhala ndi pogula. Mabushi akatha osasinthidwa chogwirira chimagwedera, ndipo timalabala tikatha marodi amakhula mapaipi mpaka kubooka. Pamenepo pafunika mekaniki ndi ndalama zimene mudzi sungasonkhe m'chilimwe. Kumtunda kumene galimoto singafike kuli akasupe osaphwa. Kasupe amafuna bokosi la simenti, ngalande yopatutsa madzi a mvula kumtunda kwake, mpanda wotchinga ziweto, ndi paipi yotsikira kumudzi, ndipo zonsezi zitha kukwera pa ngolo ndi pamutu. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023 amene anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, Lilongwe ili pakati pa maboma okhudzidwa kwambiri.

Tsopano nkhalango, imene tikudziwa kuti ndiyo imakubweretsani kuno kawirikawiri. Dzalanyama inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922. Kwa ife Achewa ndi malo olemekezeka kuyambira kale, poti ndiko kuli Kaphirintiwa, kumene makolo amati anthu oyamba anatsikira. Kwa mzinda ndiko kuchokera madzi: mtsinje wa Lilongwe umadzaza madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, ndipo madzi amenewo ndiwo amatuluka m'mipopi ya ku Kawale, Area 25 ndi Capital Hill. Dothi lochoka m'minda yopanda akalozera ndi m'misewu yopanda ngalande limathera m'madamu omwewo. Zimene tikupempha pa misewu ndi minda yathu zikukhudzanso mpopi wa pakhomo panu.

Sitikana kuti ena mwa ootcha makala ndi ana a m'midzi yomwe ino. Koma kumudzi saphikira makala, timaphikira nkhuni ndi zitsononkho. Makala amayenda pa njinga ndi pa malole kulowera ku Likuni, ku Chinsapo ndi m'misika ya mu mzinda, chifukwa mabanja ambiri kumeneko alibe china chophikira. Mu 2015 asilikali anatumizidwa kukalondera nkhalangoyi, ndipo mu 2020 lamulo la nkhalango linasinthidwa, zilango zinakwera. Komabe mauvuni akufukabe, chifukwa mnyamata amene mu Okutobala alibe dimba, alibe ganyu, ndipo akufuna ndalama ya fetereza, alibe kwina kolowera. Funso limene anthu amafunsa pabwalo ndi ili: bwanji ogwidwa amene timawaona ndi a njinga ndi amayi osenza nkhuni zouma, pamene lole yodzaza matumba imadutsa midzi yonse mpaka kukafika mu tauni? Funsoli likapanda kuyankhidwa, n'kovuta kuti amfumu auze anthu awo kuti azinena akaona odula mitengo.

Nyengo yodzala mitengo imatsegulidwa pa 15 Disembala n'kutsekedwa pa 15 Epulo. Mbande yodzalidwa mu Malichi imalandira mvula ya masabata ochepa. Mizu isanazame mvula yatha, mbuzi zamasulidwa pokhala anthu akolola, moto wa osaka mbewa n'kudzamaliza. Kuti mbande ilowe m'dzenje mu Disembala kapena Januwale, machubu, mbewu ndi makeni ziyenera kufika pofika Julayi, nazale n'kufesedwa mu Ogasiti kapena Seputembala. Ndipo m'nkhalango yachilengedwe ngati ino njira yachangu ndi kusamala mphukira. Chitsa chili kale ndi mizu yozama, chimangofuna kusiyiridwa mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu, zina kudulidwa, kupaliridwa mozungulira, ndi kutetezedwa kumoto. Njira zotchinga moto zilambulidwe mu Meyi ndi Juni, ndipo pofunika kutentha patenthedwe nthawi yomweyo udzu usanaumitsitse, chifukwa moto wa Juni umangonyambita udzu pomwe wa Okutobala umapha mphukira mpaka pachitsa. Ntchito imeneyi imafuna manja ambiri m'miyezi yomwe achinyamata amalowera ku makala. Itakhala yolipidwa, ndipo malipiro ake n'kumabwera pa nthawi yake, ambiri angasankhe iyo, poti kuotcha makala ndi ntchito yowawa ndi yoopsa. Koma malipiro akachedwa miyezi itatu munthu amatenganso nkhwangwa, chifukwa ana sadikira.

Choncho, mwaulemu wonse, tikupempha izi:

1. Khonsolo, makhansala ndi aphungu ayende ndi mafumu mu Febuluwale kukalemba malo onse amene misewu imaduka, poti mu Julayi malowa saoneka kuopsa kwake. Kupala misewu kuchitike mu Epulo ndi Meyi. Madirifiti, makalavati akuluakulu ndi milatho ya oyenda pansi zimalizidwe pofika pa 31 Okutobala, kudzera mu thumba la chitukuko cha m'madera la CDF ndi ndalama zina za misewu. Magulu a m'midzi apatsidwe ntchito yofukula ngalande mvula isanayambe komanso pakati pa dzinja.

2. NPK, Urea ndi mbewu zifike pamodzi pofika pa 31 Okutobala, m'misika yoyendayenda yofika m'midzi ya kumtunda. Pogawa muyambe ndi midzi yovuta kufika, ya pafupi ndi tala itsatire, poti iyo lole imafikako ngakhale mu Januwale. Pakhale njira yovomerezeka yogulira pamene netiweki palibe.

3. Timakiliniki ta m'midzi yotsekeredwa ndi mitsinje tilandire mankhwala a miyezi 3 mu Novembala: LA, zoyezera malungo, Thanzi ORS, zinki, amoxicillin, ndi mankhwala oika kumbuyo kwa mwana wodwalitsa malungo asanafike kuchipatala. Alangizi a zaumoyo amangiridwe nyumba m'midzi yawo ya ntchito. Malo, mchenga, miyala ndi manja tipereka ife. Kumalo odikirira amayi kukhale ufa ndi nyemba kuyambira Januwale mpaka Malichi. Ndipo a Gogo Chalo, tikupempha kuti banja limene mtsinje unalitsekereza lisamalipitsidwe chindapusa.

4. Chimanga cha thandizo cha miyezi ya njala chidzasungidwe tsidya lino la mitsinje mu Novembala, pasukulu kapena patchalitchi, makomiti a midzi akuyang'anira.

5. Mjigo uliwonse uyesedwe kuchuluka kwa madzi ake mu Seputembala kapena Okutobala, ndipo kontirakitala asalandire ndalama yomaliza usanadutse chilimwe chimodzi ukutulutsa madzi. Akasupe a kumtunda alembedwe ndi kumangiridwa. Pamsika uliwonse waukulu pakhale sitolo yogulitsa zida za Afridev, ndipo kolorini afike m'midzi mu Novembala.

6. Alangizi a zaulimi ndi a ziweto a madera a kumapiri apatsidwe njinga zamoto ndi mafuta a Juni mpaka Ogasiti, kuti akalozera akhomedwe ndi katemera wa chitopa aperekedwe mu Julayi.

7. Masikelo ayesedwe mu Epulo, misika ya boma itsegulidwe anthu akangokolola, matumba a PICS afike m'masitolo a kumidzi, ndipo ogulitsa mankhwala opanda chizindikiro aletsedwe.

8. A zankhalango ndi a Lilongwe Water Board akhale pansi ndi makomiti athu a zachilengedwe kuti pakhale ntchito yolipidwa yosamala mphukira, yolambula njira za moto ndi yolondera, kuyambira Meyi mpaka Novembala, malipiro ake osapitirira masabata awiri. Mitengo ya ziphaso zotolera nkhuni zouma, zomwetera udzu ndi zopachikira ming'oma ya njuchi ilembedwe poyera pa chipata chilichonse, ndipo wolipira azipatsidwa lisiti. Lamulo la makala ligwire mwini lole monga limagwirira wa njinga.

9. Midzi imene ana amawoloka mitsinje itsegulidwire makalasi a Sitandade 1 mpaka 4, ndipo a bungwe loyang'anira za mauthenga la MACRA ndi makampani a foni aganizire zoika nsanja yofikira m'makwawa ano.

Yankho lanu tikupempha libwere molemba kwa a Gogo Chalo ndi ma ADC, lonena chimene chichitike, mwezi wake, ndi thumba limene ndalama zake zichokere, kuti liwerengedwe pabwalo ndi kumatidwa pasukulu. Chimene simungathe chaka chino mutiuze mosabisa, kuti tidziwe pamene tiyenera kudzikonzera tokha mvula isanagwe. Inu abale a mu mzinda amene mwawerenga kalatayi, itumizeni kwa khansala ndi phungu wa dera lanu.

Ife anu mwaulemu,
Anthu a m'midzi ya m'tsinde mwa mapiri a Dzalanyama.